Kinect, Move ndi anzawo: bwanji zida zosewerera gemu ndi thupi zikakhala zogula padera sizikhalitsa?

Pa 4 November 2010 kampani ya Microsoft inatulutsa kachipangizo kakuda kotalikirapo kokhala ngati kali ndi maso atatu kutsogolo, dzina lake Kinect. Umakaika pansi kapena pamwamba pa TV nkukalumikiza ku Xbox 360, console (makina osewerera magemu) ya Microsoft yomweyo, basi iwe nkuima pakati pa balaza m'manja mulibe padi, ukakweza mkono munthu wa mu gemu nayenso akweza, ukadumpha adumpha, ukamenya mpira ndi mwendo mpira uja ukupita. M'masiku 60 oyamba anagulitsa ma Kinect 8 miliyoni mpaka a Guinness World Records analemba kuti panalibe chipangizo china chamagetsi chimene chinayendapo malonda mwachangu chonchi. Koma pofika October 2017 Microsoft yomweyo inalengeza kuti yasiya kupanga. Zaka 7 zokha chinthu chayamba ndi mkokomo wonse uja nkufa.

Ineyo ndinaikonda Kinect ndipo mpaka lero ndimaikonda, nchifukwa chake nkhaniyi imandikhudza. Yathu inabwera yakale kale pamodzi ndi Xbox 360 imene msuweni wanga anatumiza kuchokera ku Joni, ndipo tsiku loyamba nyumba yonse inadzaza, ana a maneba, azakhali anga amene sanagwirepo padi chibadwire anavina mpaka thukuta kamukamu. Ndiye sikuti ndikufuna kunyoza ayi, ndikufuna timvetse chimene chimapha zida zimenezi, chifukwa si Kinect yokha, mndandanda wake ndi wautali ndipo zonse zimafa imfa yofanana.

Choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amasakaniza. Pali console imene kusewera ndi thupi ndi chibadwa chake, yoti aliyense woigula chida chija amachipeza mu bokosi momwemo, chitsanzo chake ndi Wii ya Nintendo. Ndiye pali chida choti console unagula kale, ikugwira bwinobwino ndi padi yake, kenako kampani ikubwera kudzakuuza kuti onjezera ndalama ugulenso ichi. Kinect pa Xbox 360, kandodo kogwedeza ka PlayStation Move pa PS3 ya Sony, kamera ya EyeToy pa PS2 ya Sony yomweyo, zonsezi ndi za gulu lachiwirili. Mawu oti padera ndi amene ali mwini nkhani apa.

Vuto lake ndi la masamu ndipo masamu ake si ovuta. Mu February 2013 Microsoft inanena kuti yagulitsa ma Kinect 24 miliyoni pomwe ma Xbox 360 anali 76 miliyoni, ndiye kuti pa anthu atatu aliwonse okhala ndi Xbox mmodzi yekha ndi amene anali ndi Kinect. Ku Sony zinali zochepa kuposa pamenepo, mu November 2012 ananena kuti ma PS3 afika 70 miliyoni ndipo ma Move 15 miliyoni, komanso kumbukirani kuti nyumba imodzi imatha kugula ma Move awiri kuti azisewera awiri, nde nyumba zenizeni zokhala ndi Move zinali zochepera 15 miliyoni ija. Tsopano dziyerekezeni ndinu mwini kampani yopanga magemu, gemu yaikulu imadya madola mamiliyoni ambirimbiri ndi zaka ziwiri kapena zitatu anthu mazana akugwira ntchito, mungasankhe kupanga gemu yoti mugulitse kwa anthu 76 miliyoni kapena yoti mugulitse kwa 24 miliyoni okha? Ali ngati wa geni amene akusankha poyala malonda, pamseu pomwe aliyense akudutsa kapena kanjira kolowera kuseri komwe amadutsako ochepa. Palibe amene angasankhe kuseri ndi katundu wodula.

Ndiye opanga magemu ankachita chimodzi mwa zinthu zitatu. Ambiri ankangoilambalala Kinect ngati kulibe. Ena ankapanga tigemu totchipa tamsangamsanga toti anthu agule pa Khirisimasi, timasewero ting'onoting'ono tofanana, ndipo timeneti ndi timene tinaipitsa mbiri ya chidachi kwambiri. Gulu lachitatu linkapanga gemu yawo yaikulu ya padi monga mwa nthawi zonse nkungomatapo kanthu kakang'ono ka Kinect kuti pa bokosi alembepo kuti Better with Kinect. Mu Mass Effect 3 umatha kulamula asilikali anzako ndi mawu, mu Skyrim umatha kufuula mawu amatsenga aja ndi pakamwa pako, mu FIFA 13 umatha kusintha osewera pongolankhula, mu Forza Motorsport 4 ukatembenuza mutu kamera ya mu galimoto imatembenuka pang'ono. Zonsezi zinali zosangalatsa tsiku loyamba koma panalibe chimodzi choti ungalephere kuchita ndi batani, ndipo wopanga gemu sakanalola dala kuti chikhalepo chifukwa akanataya anthu awiri mwa atatu aja. Apa ndi pomwe pali msampha weniweni, gemu ikakhala yoti imaseweredwa bwino popanda chidacho ndiye kuti chidacho nchosafunika, ikakhala yoti siseweredwa popanda chidacho ndiye kuti ogula ake ndi ochepa. Wogula akudikira magemu abwino kuti agule chida, wopanga magemu akudikira ogula achuluke kuti apange gemu, onse angokhala kuyang'anana mpaka dzuwa kulowa.

Zimenezi sizinayambe ndi Kinect. Mu 1989 kampani ya zidole ya Mattel inatulutsa Power Glove ya NES (console yakale ya Nintendo), gulovu lovala kumanja loti uzisewera pogwedeza mkono, anthu anagula ndithu chifukwa limaoneka ngati la m'tsogolo koma magemu opangidwira ilo anali awiri okha, Super Glove Ball ndi Bad Street Brawler, ndipo pa magemu enawo limangovuta. Mu 1993 Sega inabweretsa Activator, chinthu cha mbali 8 choyala pansi iwe nkuima pakati pake kumaponya zibakera ndi mateche mumlengalenga, nacho sichinapite patali. EyeToy ya Sony ya 2003 inachitako bwino, kamera kakang'ono kokuonetsa iwe mwini pa TV ukupukuta mawindo kapena kumenya tianthu todumpha, inagulidwa kupitirira 10 miliyoni, koma PS2 inagulidwa kupitirira 150 miliyoni nde muone nokha kachigawo kake. Chida chakale chimene aliyense amachikumbukira ndi mfuti ija yowombera abakha, ambiri kwathu kuno tinaidziwira pa tima console tija totsanzira Nintendo ta makatiriji achikasu, ndipo chifukwa chimene tonse tinaigwirapo nchoti imabwera mu bokosi limodzi ndi makinawo, palibe anakaigula payokha.

Kenako mu November 2006 kunabwera Wii, ndipo apa ndi pomwe Microsoft ndi Sony anasokonekera mitu. Wii inali yofooka poyerekeza ndi Xbox 360 ndi PS3, zithunzi zake sizinali za HD nkomwe, koma imagulidwa madola 250 pomwe PS3 yapamwamba inali madola 599, ndipo m'mayiko ambiri kupatula Japan mu bokosi mumakhala Wii Sports. Agogo, makolo, anthu amene magemu ankawaona ngati za ana anayamba kusewera tenisi ndi bowling pa balaza, mapeto ake Wii inagulidwa kupitirira 101 miliyoni. Makampani awiri aja anaona anthu akugwedeza manja nkuganiza kuti chinsinsi ndi kugwedezako. Ine ndimaona kuti anawerenga molakwika. Chinsinsi chinali choti aliyense wokhala ndi Wii anali ndi rimoti yake yosewerera pogwedeza dzanja, wopanga gemu samafunika kufunsa kuti kodi ali nayo ndi angati, yankho linali onse. Komanso mtengo wolowera unali umodzi, munthu amene sasewera magemu amalipira kamodzi nkupita kunyumba ndi zonse, pomwe kuti alawe Kinect amayenera kugula Xbox kaye kenako kuonjezera madola 150, kapena kugula bokosi la zonse pamodzi la madola 300.

Umboni woti vuto ndi kugula padera osati luso la kampani uli kwa Nintendo yemweyo. Mu June 2009 anatulutsa Wii MotionPlus, kachidutswa kolumikiza kunsi kwa rimoti kuti izimva bwino mmene dzanja likupotokera, chifukwa rimoti yoyamba ija imangomva kugwedeza basi sikuti imatsatira dzanja ndendende. Kanagulidwa kwambiri chifukwa kamabwera ndi Wii Sports Resort imene inagulidwa kupitirira 33 miliyoni, koma olo zinali choncho magemu akuluakulu okafuna anali owerengeka, Red Steel 2 mu 2010, The Legend of Zelda: Skyward Sword mu 2011, ena ochepa. Mu 2010 Nintendo anangokalowetsa mkati mwa rimoti yatsopano yotchedwa Wii Remote Plus kuti nkhani yogula padera ithe. Ngati mwini wake wa kasewereka aka anavutika kukopa opanga magemu pa console yake yomwe, nanga obwera mochedwa?

Koma tisaponye mlandu wonse pa masamu, zida zomwezo zinali ndi zofooka zake ndipo za Kinect ndi zofunika kuzimvetsa chifukwa zimachokera pomwe panali ubwino wake. Mmene imagwirira ntchito ndi chonchi, diso limodzi limamwaza timadontho tambirimbiri ta kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared m'chipinda monse, diso lina limaona mmene timadonthoto tagwera pa thupi lako, pa mpando, pa khoma, nkuwerengera kuti chilichonse chili patali bwanji, kenako pulogalamu imapeza mfundo 20 za thupi monga zigongono, maondo, mapewa, nkupanga ngati mafupa a munthu oyenda, ndipo imachita zimenezi ka 30 pa sekondi. Diso lachitatu ndi kamera wamba, komanso muli ma maikolofoni anayi. Luso la timadontholi linachokera ku kampani ya ku Israel yotchedwa PrimeSense. Kunena zoona pa mtengo wa madola 150 mu 2010 chinali chodabwitsa.

Koma kuwerengera konseko kumatenga nthawi, nde pamakhala kakuchedwa pakati pa iwe kusuntha ndi munthu wa pa sikirini kusuntha, kakang'ono ndithu koma wosewera amakamva, pa kuvina sikavuta kwenikweni koma pa gemu yomenyana kapena yowomberana ndi imfa. Chachiwiri kulibe batani. Anthu amaliderera batani koma ndi chinthu chanzeru kwabasi, ukalidina palibe kukaikira kuti wadina kapena ayi, chala chimamva, makina amamva. Pa Kinect kuti usankhe chinthu umaimika dzanja mumlengalenga pamwamba pa chizindikiro nkumadikira kamzere kazungulire, ukakanda mphuno makina akuganiza kuti walamula zina, mwana akadutsa kumbuyo kwako akukusiya iwe nkutsatira mwanayo. Chachitatu kulibe chogwira, ukumenya mpira wa tenisi m'manja mulibe kanthu, ukuyendetsa galimoto wagwira mpweya, thupi silimva kuti lagunda chinthu. Ndipo chachinayi chimene chinavutitsa opanga magemu kwambiri ndi kuyenda, ungamuuze bwanji munthu wa mu gemu kuti pita kutsogolo khota kumanzere iwe uli pamalo amodzi pa balaza? Nchifukwa chake magemu ambiri a Kinect amakuyendetsa okha ngati sitima pa njanji iwe nkumangogwedeza manja, Fable: The Journey ya 2012 nthawi yambiri umakhala pa ngolo. Amene anayesa kupanga gemu yolimba ya akatswiri, Steel Battalion: Heavy Armor ya chaka chomwecho, inanyozedwa kwambiri chifukwa Kinect imalephera kuzindikira zimene wosewera akufuna kugwira mkati mwa chigalimoto chankhondo chija. Kinect Star Wars nayo anthu ankayembekezera kuti agwira lupanga lowala lija ngati zenizeni, anakhumudwa.

Ndiye pali nkhani ya malo imene amene amakhala m'nyumba zikuluzikulu za ku America mwina sanaiganizire mokwanira. Kinect yoyamba imafuna uime pafupifupi mamita 1.8 kuchokera pomwe ili, mukakhala awiri pafupifupi mamita 2.4, pakati popanda tebulo. Ku Japan komwe nyumba zambiri ndi zazing'ono sinayende malonda, ndipo kwathu kunali chimodzimodzi, kuti tisewere timayenera kutulutsa tebulo panja nkukankhira sofa kukhoma, masana dzuwa likalowa pa windo imasokonekeranso chifukwa kuwala kwa dzuwa kumaphimba timadontho tija. Chinthu choti kuti uchigwiritse ntchito uyambe wasamutsa katundu wa m'nyumba umachita pa Khirisimasi ndi pakabwera alendo, osati Lachiwiri madzulo utatopa ku ntchito. Munthu wotopa amafuna akhale pansi, padi m'manja, zala zokha zizigwira ntchito. Ngakhale m'malo osewerera magemu a m'matauni mwathumu momwe anyamata amalipira kuti amenye FIFA, ma TV amakhala ondondozana pa benchi pali anthu thithithi, mwini malo sangapereke mamita awiri kwa munthu mmodzi wovina.

Chinanso chinapweteka ndi malonjezo. Pa chionetsero cha magemu cha E3 mu June 2009, Kinect isanapatsidwe dzina ikutchedwa Project Natal, Peter Molyneux wa ku kampani yopanga magemu ya Lionhead anaonetsa kamnyamata ka pa sikirini kotchedwa Milo kooneka ngati kakucheza ndi munthu, kuzindikira nkhope yake, kulandira pepala lojambulidwa kudzera pa kamera. Dziko lonse linayasama. Milo sanatuluke mpaka lero. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, amene anagula akuyembekezera Milo anapeza akuyendetsa bwato la mphira mu Kinect Adventures. Ndipo Microsoft inaika madola pafupifupi 500 miliyoni pa kutsatsa kokha, nde ma 8 miliyoni a masiku 60 aja akutiuza mphamvu ya kutsatsa ndi chidwi cha anthu pa chinthu chatsopano, sakutiuza kuti patapita miyezi 6 angati anali akuiyatsabe.

PlayStation Move imene inatuluka September 2010 inalibe ambiri mwa mavuto amenewa ndipo nchifukwa chake nkhani yake imandiphunzitsa zambiri. Inali kandodo kokhala ndi kampira kowala kunsonga, kamera imaona kampirako nkudziwa pomwe kali, kakaoneka kakakulu ndiye kuti kali pafupi kakachepa kali patali, mkati muli ma sensa omva kupotoka, ndipo inali ndi mabatani komanso imanjenjemera m'manja. Inali yolondola kuposa rimoti ya Wii, tenisi ya patebulo mu Sports Champions imamveka ngati yeniyeni ndithu. Killzone 3 ndi SOCOM 4 umatha kusewera ndi Move yonse, anapanganso chimfuti chapulasitiki cholowetsamo kandodoko. Koma inafa mwakachetechete chimodzimodzi. Kandodo kanali madola 50, bokosi la kandodo, kamera ndi gemu madola 100, kachida kena kogwira kumanzere madola 30, mukafuna kusewera awiri onjezeraninso. Ndipo magemu amene anthu ankagulira PS3, Uncharted 3, The Last of Us, sankaifuna Move nkomwe. Sony mwini wake sanayerekeze kupanga magemu ake onenepa kuti azidalira chida chake, nde kampani ina ikanayerekeza bwanji? Apa mpomwe ndimaonera kuti olo chida chikhale chabwino chotani, kukhala chapadera kumachipha basi.

Wina anganene kuti ngati vuto ndi kugula padera bwanji osangochiika mu bokosi aliyense akhale nacho. Microsoft inaganiza chomwecho. Xbox One inatuluka 22 November 2013 ili ndi Kinect yatsopano yamphamvu mu bokosi lililonse, mtengo madola 499. PS4 inatuluka kutatsala sabata imodzi kuti Xbox One ituluke, pa madola 399, yopanda kamera komanso yamphamvu kuposa Xbox One pa zithunzi. Anthu anawerengera nkuona kuti akulipira madola 100 oonjezera pa chinthu chimene sanapemphe. Kuonjezera apo poyamba Microsoft inanena kuti console siigwira ntchito Kinect ikapanda kulumikizidwa, ndipo zimenezi zinamveka nthawi yomwe Edward Snowden anaulula mu June 2013 za mmene boma la America limazondera anthu pa intaneti, nde kamera ndi maikolofoni zoti zizikhala tcheru pa balaza nthawi zonse anthu sanazilandire bwino. Mu August chaka chomwecho Microsoft inabweza mawu aja, Don Mattrick amene ankatsogolera Xbox anali atachoka kale mu July. Phil Spencer atatenga udindo mu March 2014 sizinatenge nthawi, pa 9 June 2014 Xbox One yopanda Kinect inayamba kugulitsidwa pa madola 399, ndipo opanga magemu anapatsidwa mphamvu ya makina pafupifupi 10 peresenti imene inkasungidwira Kinect. Kuyambira tsiku limenelo aliyense anadziwa kuti zatha. Xbox One S ya 2016 inalibe ndi polumikizira Kinect pomwe, umafunika adaputa.

Bwanji zinakanika pomwe pa Wii zinatheka? Wii inamangidwa mozungulira rimoti ija, gemu imene imagulitsa console inali ya rimoti, ndipo rimotiyo sinakweze mtengo kupitirira wa anzawo. Xbox One inali console ya padi, ogula oyamba anali anyamata a Call of Duty, Forza ndi FIFA, Kinect inangokwera ngati katundu woonjezera, ndipo tsiku lotuluka panalibe gemu yaikulu ya Kinect yoti munthu anene kuti iyi ndiye ndagulira, Kinect Sports Rivals inachedwa mpaka April 2014. Ankafuna agwire akatswiri a padi ndi mabanja a pa balaza ndi oonera TV nthawi imodzi, mapanga awiri avumbwitsa.

Komabe sindikuvomereza amene amati zida zotere sizingapambane olo pang'ono, chifukwa zilipo zimene zinapambana zedi ndipo zonse zikufanana pa chinthu chimodzi. Wii Fit inatuluka ku Japan mu December 2007 ndi kathabwa koimapo kotchedwa Balance Board, inagulidwa kupitirira 22 miliyoni ndipo Wii Fit Plus inaonjezera ena 21 miliyoni. Ring Fit Adventure ya Nintendo Switch inatuluka October 2019 pa madola 80 ndi chimkombero chofinya ndi manja komanso lamba womanga pa ntchafu, nthawi ya Covid anthu atatsekeredwa m'nyumba inasowa m'mashopu, yagulidwa kupitirira 15 miliyoni. Guitar Hero kuyambira 2005 inagulitsa magitala apulasitiki ankhaninkhani mpaka Activision inadzaza msika ndi magemu ochuluka nkuimika mu 2011. Onani mmene zimagulitsidwira, palibe amene anakagula kathabwa kapena mkombero akuyembekezera magemu am'tsogolo. Munthu amakagula gemu imodzi imene akuifuna pa chifukwa chodziwika, ndikufuna ndichepetse thupi, ndikufuna ndiimbe gitala ndi anzanga, ndipo chida chimangobwera nayo mu bokosi. Gemu imodziyo imabweza ndalama yake yonse, sipafunika kampani ina iliyonse ilowererepo. Nintendo sanalonjeze kuti mkombero uja usintha kasewereka ka magemu onse, anangoti nayi gemu yolimbitsa thupi, ndipo olo pasatuluke gemu ina yougwiritsa ntchito wogula sadandaula. Kinect ndi Move zinagulitsidwa ngati khomo lolowera m'dziko latsopano la magemu mazanamazana, dziko limene limadalira kuti makampani ena adzamange, ndipo sanabwere.

Ndipo mukayang'anitsitsa zimene zinayenda pa Kinect ndi zomwezo, kuvina ndi masewero olimbitsa thupi. Dance Central ya Harmonix inali gemu yoti ndi padi sungaisewere mwanjira ina iliyonse, thupi lonse ndi lomwe limafunika, kakuchedwa kaja sikamavuta chifukwa nyimbo ndi imene ikukutsogolera, kuyenda sikufunika, batani silifunika. Kukanakhala kuti Kinect inagulitsidwa ngati makina ovinira ndi olimbitsira thupi pa mtengo wotsikirapo bwenzi lero tikuitchula limodzi ndi Wii Fit ngati chinthu chimene chinakwanitsa zimene chinabwerera.

Luso lake silinafe, linangosamuka. Patangopita masiku ochepa Kinect itatuluka kampani ya Adafruit inaika mphoto ya madola 3,000 kwa amene angaipangitse kugwira pa kompyuta, Hector Martin anapambana, ndipo kuyambira pamenepo ma yunivesite ndi opanga maloboti anayamba kuigwiritsa ntchito ngati maso otchipa oona kutalika kwa zinthu, madokotala ena anayesa kuigwiritsa ntchito posuntha zithunzi za wodwala m'chipinda cha opaleshoni osagwira kanthu. Apple inagula PrimeSense mu 2013, ndipo Face ID, njira yotsegulira foni ndi nkhope, imene inayamba ndi iPhone X mu 2017 imamwaza timadontho ta infrared pa nkhope mofanana ndi Kinect yoyamba ija. Ma sensa omva kupendeka ali mkati mwa padi ya PS4, PS5 ndi Switch, amene amasewera Splatoon ambiri amalozera mfuti popendeketsa padi ndipo saganiza nkomwe kuti akuchita zachilendo, chifukwa palibe chimene anagula padera. Move nayo inadzuka mu October 2016 ngati zogwirira za PlayStation VR, chida chovala kumaso chokuonetsa ngati uli mkati mwa gemu.

Koma VR yomweyo yalowanso mumsampha uja. PlayStation VR yoyamba inagulidwa 5 miliyoni pofika kumapeto kwa 2019, pa PS4 imene inadutsa 100 miliyoni. PlayStation VR2 inatuluka February 2023 pa madola 550, panthawiyo kudula kuposa PS5 imene imafunika kuti igwire ntchito, magemu akuluakulu ochokera kwa Sony mwini wake anakhala ochepa, mu 2024 anatseka London Studio imene inapanga magemu a EyeToy ndi ena a VR, ndipo mu March 2025 mtengo unatsitsidwa kufika madola 400. Nkhani ndi yomweija, ogula ochepa, opanga magemu akudikira, ogula enanso akudikira.

Kinect yathu ikadalipo pansi pa TV ndipo ana a mchemwali wanga akabwera pa holide tebulo limatulukabe panja. Gemu imene amafuna ndi imodzi yokha, yovina. A kampani ya Ubisoft nawo anaona zomwezo, anapitiriza kuika Kinect mu gemu yawo yovina ya Just Dance pa Xbox One mpaka Just Dance 2022 imene inatuluka kumapeto kwa 2021, patatha zaka 4 Microsoft itasiya kupanga chidacho, makampani ena onse akuluakulu atachoka kalekale.